Mbale Makumi Awiri, Mimba ya Kapu Imodzi

M'nyumba ina yosanja ku Al Muntazah mumzinda wa Doha, momwe Amalawi anayi ankagawana khitchini imodzi, munali kambale kamene wina aliyense sankakakhudza. Kanali koyera, kosaposa chikhatho, ndipo mwini wake anali Stafford, mkulu wa alonda pahotela ina ya m'mbali mwa nyanja. Anali mwamuna wamtali, wa mapewa otambalala, woyenda ngati msilikali pa perete. Koma ikafika nthawi ya chakudya ankadya ngati mpheta: kanyama poyamba, masamba pang'ono, kenako supuni ziwiri za mpunga. Ankatafuna mpaka anzake atatsuka mbale zawo. Akangoyetsemula kamodzi, supuni pansi, nkhani yatha.

Chinsinsi cha kambaleko ankachidziwa ndi Macfussy yekha, dalaivala amene ankagona naye chipinda chimodzi. Zaka zitatu m'mbuyomo Stafford anali munthu wina. Thupi lidamulemera moti masitepe khumi okha ankamusiya wefuwefu, shuga ndi kuthamanga kwa magazi zili pambuyo pake ngati agalu olusa. Madokotala a ku Doha konko adamuchita opaleshoni yochepetsa chifu, ndipo adamuuza mosapsatira mawu kuti malire atsopanowo si a mwezi kapena chaka. Chakudya cha nthawi imodzi chisapose kapu. Asamwere chakumwa pamwamba pa chakudya. Zotsekemera aziziona ngati moto. Kuyetsemula kuja linali belu la thupi lake lomuuza kuti m'kati mwadzaza.

Malamulowo adawasunga mwaulemu ndipo thupi lidamubwezera ulemu womwewo. Mankhwala a shuga adasiya, yunifolomu idayamba kumukhala. Chokhacho chomwe sadathe n'kuuza anthu. Kwawo ku Ntcheu munthu akaonda mwadzidzidzi safunsidwa, amangonong'onedwa. Ndipo mwamuna wolephera kumaliza mbale amamuyesa mwana. Choncho zithunzi zake zakale adazitsekera mu envulopu pansi pa sutikesi, ndipo tizipsera tisanu ta pamimba pake sitinkaona dzuwa.

Kenako kudabwera Purity. Anali mtsikana wa ku Chipata wokulira ku Lusaka, woluka tsitsi pasaluni ina ku Rawdat Al Khail. Adakumana kutchalitchi Lachisanu lina, iye akuimba kwaya, Stafford atatsegula buku la nyimbo mozondotsa. Purity ankaseka ndi maso kamwa isanatseguke, ndipo chikondi chake ankachilankhula ndi mphika. Tsiku lililonse lopuma ankabwera ndi chikho chodzaza, koma Stafford ankangolawa, n'kuyetsemula, n'kuvundikira.

“Ndikadyera kushifiti, mtima wanga,” ankatero.

Chikhocho chinkathera m'mimba mwa Macfussy.

“Amwene, chikondi ndi chanu koma wonenepa ndine,” adadandaula Macfussy tsiku lina akumasula lamba. “Muuzeni mtsikanayu. Mukuti mudzabisa mpaka liti? Mukadzakwatirana nanenso ndidzasamukira kwanu kuti ndizidzamaliza mbale?”

“Ndidzamuuza ukwati ukadutsa. Panopa akamva kuti adandidula mimba, makolo ake adzati mwana wawo akukwatiwa ndi wodwala.”

“Wodwala ndani? Inu mwachira!”

“Khalasi, basi zatha, Macfussy. Nkhaniyi itsekeni.”

Itakhwima nkhani ya ukwati, amayi a ku Zambia okhala mu Doha adati mwambo sungasiyidwe chifukwa cha chipululu. Mkamwini ayenera kuchitiridwa chilanga mulilo: akuchikazi amanyamula zakudya zonse za kwawo n'kupita nazo kwa mwamuna, kuti aone zomwe mkazi wake adzamuphikire, ndipo iye amalawa mbale iliyonse. Wotsogolera anali amayi Dorcas, mlangizi wa mawu akulu amene adakhala mu Doha zaka khumi ndi zisanu. Kwa miyezi iwiri aliyense wochokera ku Lusaka ankabwera ndi kaphukusi m'sutikesi: chikanda, kapenta, mphalabungu, nsinjiro, mizu ya munkoyo. Purity adaphika masiku awiri, zala zake zoluka tsitsi zitapsa ndi mafuta.

M'mawa wa tsikulo Macfussy adamupeza Stafford akusita shati.

“Ndamva kuti mbale zilipo makumi awiri. Amwene, chifu chanu ndi kapu imodzi. Masamu amenewa ine akundikanika.”

“Ndi tsiku limodzi lokha. Mwamuna salephera tsiku limodzi.”

Dzuwa litapendeka amayi adafika, atavala zitenje zofanana, mapoto ali pamutu. Ng'oma analibe poopa kusokoneza anthu oyandikana nawo, choncho ankaomba chidebe chapulasitiki n'kumaimba chapansipansi pokwera masitepe. Purity adatsala kunyumba monga mwa mwambo. Foni idaimikidwa patebulo kuti mayi ake aonere ali ku Chipata. Kumbali ya mwamuna kudakhala a Waziri, bambo wachikulire wa ku Mangochi amene adavomera kukhala nkhoswe m'malo mwa amalume a Stafford.

Amayi Dorcas adagwada, n'kumusambitsa m'manja mkamwiniyo, n'kuyamba kuvundukula.

“Iyi ndi nkhuku ya kumudzi, apongozi. Mwana wathu sadzakupatsani ya m'firiji yopanda fungo. Lawani!”

Adalawa. Idabwera kapenta, adalawa. Chidabwera chibwabwa chotendera, kenako chikanda chodula mabandumabandu. Ndipo kulawa kwa amayi Dorcas sikunali kwa nsonga ya supuni. Dzanja lawo linali lopatsa. Pa mbale yachisanu Stafford adayetsemula.

Macfussy adamuponda phazi pansi pa tebulo.

“Ndi tsabola uyu,” adatero Stafford akumwetulira. “Pitirizani, amayi.”

“Eya! Uyu ndiye mwamuna!” adafuula mayi a Purity pafoni, ndipo amayi onse adalulutira.

Nthungululu imeneyo ndiyo idamumaliza. Adadya nyemba, adadya therere, adameza mphalabungu osatafuna bwino pofuna kuthamanga. Pa mbale yakhumi adamva ngati mwala wakhala pansi pa chifuwa. Pa yakhumi ndi chiwiri thukuta lidanyowetsa kolala ngakhale makina oziziritsa anali kulira. Amayi Dorcas ataona kuti akumeza movutika adatunga kapu yodzaza ya munkoyo wothira shuga.

“Tsitsirani, apongozi.”

“Asamwe!” Macfussy adalankhula mosayembekezera.

Onse adatembenuka. Stafford adamuyang'ana mnzakeyo ndi diso lomwe ankathamangitsira anthu osokoneza pahotela, ndipo Macfussy adatseka pakamwa. Kapu idakwera, idatsika yopanda kanthu. Sipadapite nthawi, mtima wa Stafford udayamba kugunda ngati chidebe chija, nkhope za amayi zidayamba kuzungulira. Adaimirira kuti athamangire kubafa koma sadafikeko. Adagwa pakati pa mapoto, akusanza, atagwira pamimba.

Nyimbo idaduka. A Waziri adadzuka mokwiya.

“Mwamuthirira chiyani mwana wathu? Munthu anali bwinobwino! Ngati ndi mankhwala achikondi, mtsikana wanuyo wapyola muyezo!”

“Bambo, samalani pakamwa!” adayankha amayi Dorcas. “Ife taphika ndi manja oyera!”

Macfussy adamunyamula mnzakeyo n'kutsika naye kugalimoto.

Kuchipatala adamuika madzi a m'mitsempha n'kumuunika. Dokotala adati chifu sichidang'ambike, koma adamufunsa ngati zaka zitatu za khama lake adafuna kuzigulitsa ndi chakudya cha masana amodzi. Kunja mphekesera inali itamera kale mapiko. Pofika m'mawa, magulu onse a pafoni a Amalawi ndi a ku Zambia anali atamva kuti Purity wa pasaluni adathira mankhwala m'chakudya cha chibwenzi chake. Amayi awiri amene adapangana naye zoluka tsitsi sadabwere.

Masana Purity adalowa m'chipinda momwe Stafford adagonekedwa. Sadalire. Adakhala pampando, manja ali pamiyendo, zipsera za mafuta zikuoneka.

“A Stafford, chaka chathunthu ndakhala ndikuganiza kuti pali mkazi wina amene amakudyetsani musanabwere kwa ine. Ndidangopirira, ndimvekere tsiku lina mphika wanga udzapambana. Lero anthu akuti ndine mfiti. Amayi anga sakudya ku Chipata. Ndiuzeni chimodzi chokha: chakudya changa chili ndi chiyani?”

Stafford adayang'ana zala zopsazo. Kenako pang'onopang'ono adakweza malaya a chipatala n'kumuonetsa tizipsera tisanu tija, ndipo adafotokoza zonse, kuyambira masitepe khumi aja mpaka chikho chomwe chinkanenepetsa Macfussy.

Purity adayang'anitsitsa tizipserato, kenako adafunsa.

“Ndiye kuyetsemula kuja sikunali tsabola?”

“Ayi.”

“Ine ndidasiya tsabola miyezi isanu ndi itatu yapitayo chifukwa cha inu! Munthu wa ku Chipata kudya zozizira ngati wodwala!” Adapukuta diso limodzi. “Mudamenya nkhondo yotere n'kupambana, ndiye mukubisa ngati mwaba? Ine ndamva. Koma dzina langa lidaipitsidwa pagulu. Mukalitsukire pagulu pomwepo, apo ayi mphete yanu ili pano.”

Lachisanu lotsatira Stafford adaitana onse amene analipo tsiku lija, pamodzi ndi Purity, ndipo foni idaimikidwanso patebulo. Adavala shati yomwe ija. M'manja mwake munali envulopu ya pansi pa sutikesi. Adatulutsa chithunzi n'kupatsa a Waziri, ndipo chidayenda dzanja ndi dzanja.

“Ameneyu ndi ndani? Achimwene anu?” adafunsa amayi Dorcas.

“Ndine, amayi. Munthu ameneyo sankatha kumanga zingwe za nsapato zake. Madokotala adachepetsa chifu changa kuti ndikhale ndi moyo, ndipo kuyambira pamenepo chakudya changa ndi kapu imodzi, mpaka tsiku lomwe Mulungu adzanditenge. M'mapoto a Purity munalibe china koma luso. Wothira poizoni ndinali ine, ndi manyazi anga. A Waziri, mawu aja abwezeni.”

A Waziri adavula chipewa, n'kupita kukagwada pamaso pa Purity, bambo wa imvi zake.

“Mwanangu, lilime langa lidathamanga. Ndikhululukire.”

Amayi Dorcas adayang'ana chithunzi, adayang'ana mwini wake, adayang'ananso chithunzi.

“Zaka zitatu osapyola malire, m'dziko lino lomwe mpunga amaubweretsa m'thireyi yokwana mbuzi yathunthu? Ine dokotala adandiletsa shuga Lolemba, Lachitatu ndinali pa keke! Apongozi, inu ndinu mwamuna. Koma mwambo sudathe. Mudalekera pa mbale yakhumi ndi chiwiri.”

Macfussy adagwira mutu.

Apo Purity adatsegula chikwama chake n'kutulutsa bokosi lomwe adabwera nalo osauza munthu. Munali timakapu ta khofi wa Chiarabu, topanda chogwirira, tating'ono ngati chigoba cha dzira. Adatindandalika tisanu ndi titatu patebulo, ndipo m'kalikonse amayi Dorcas adaikamo kachidutswa ka mbale imodzi mwa zotsala zija, zomwe Purity adaphikanso m'mawa womwewo.

“Eni dziko lino akakhuta khofi salankhula, amangogwedeza kakapu,” adatero Purity. “Nanunso mukamva kuti zakwana, gwedezani. Palibe adzakufunseni chifukwa.”

Stafford adadya mosathamanga, akutafuna bwino, amayi akuomba chidebe n'kumatchula dzina la ndiwo iliyonse. Munkoyo adauika pambali kuti adzamwe nthawi ikadutsa, wopanda shuga. Pa kakapu kachisanu ndi chimodzi adayetsemula. Adakweza kakapuko m'mwamba kuti ngakhale a ku Chipata aone, n'kukagwedeza katatu, mutu uli chilili.

“Khalasi!” adafuula amayi Dorcas, ndipo nthungululu idaposa ya tsiku loyamba.

“Nanga tiwiri totsalati?” adafunsa a Waziri.

“Timeneto n'ta ine,” adatero Macfussy akukoka mpando. “Ntchito imeneyi ndaigwira chaka chathunthu popanda ondilulutira.”

Lero kunyumba kwa Stafford ndi Purity ku Rawdat Al Khail, chithunzi chakale chija chili pakhoma m'felemu, pafupi ndi cha ukwati. Kambale koyera kaja kamakhala pamwamba pa mbale zonse, ndipo mlendo akafunsa, mwini wake amafotokoza yekha asanamalize kufunsidwa. Tsabola adabwerera m'mphika. Koma Macfussy sanaiwale kulemera kwa munthu amene adatsika naye masitepe tsiku lija, ndipo akamva wina akubisa vuto lake poopa kusekedwa, amamuuza kuti mnzake adatsala pang'ono kutaya thanzi ndi mkazi tsiku limodzi chifukwa cha mawu ochepa amene adakanika kuwatulutsa. Akulu adanena kale: mbewa ya manyazi idafera ku una.