Penshoni ya Papepala

Pa sukulu ina yapulayiveti ku Block 10, dera la mumzinda wina kunja kwa dziko lathu, panali mphunzitsi wa masamu, a Pearson Msosa a ku Dedza, munthu wodziwa kuwerengera za ena koma osati zake. Mwezi ukatha ankatambasula pepala lawo la malipiro m'chipinda cha aphunzitsi, n'kuloza mizere iwiri, wa msonkho ndi wa penshoni. Mzere wachiwiriwo ndiwo unali mtsamiro wawo. Ankati akadzapuma, ndalama imeneyo idzafolera nyumba imene akazi awo ankayang'anira kumudzi.

Tsiku lina la mu Seputembala, mayi Jean, mphunzitsi mnzawo wa ku Chipata, anawapeza akumwa tiyi.

"Ba Msosa, imwe munaionako certificate yanu ya tax? Nifuna kuchita file, manje ku office nafunsa katatu, bangoniuza ati next week."

"Mayi, mukudzivutiranji? Ife msonkho ndi penshoni sukulu imadula yokha, n'kukapereka yokha," anayankha a Msosa. "Ndiponso eni sukulu ino, a Prosper, ndi mkulu wa mpingo wathu. Anabadwira ku Zimbabwe, koma makolo awo ndi akwathu ku Dedza. Ndikawafunse pepala ngati ndikuwayesa wakuba?"

Apa m'pamene panagona vuto. Kunja kuno munthu akangomva dzina la boma la kwawo mtima umagwa pansi, ndipo kufunsa kumaoneka ngati mwano. Mayi Jean analibe manyazi otero. Ataona kuti chikalata sichikutuluka, anasiya ntchito teremu itatha n'kukalowa sukulu ina ku Broadhurst, dera lina la mumzinda womwewo. A Msosa anawaseka kuti ndi mayi wopanda chikhulupiriro.

Zinadutsa zaka zisanu ndi zinayi. Fomu ya msonkho sanadzazepo ngakhale imodzi, ndipo ku kampani yosunga penshoni sanapondeko phazi. Lamlungu lililonse a Prosper ankawagwira dzanja pakhomo la tchalitchi n'kuwatchula kuti achimwene, iwo n'kubwerera kunyumba ali okhutira.

Lolemba lina mu Januwale a Msosa anapeza geti la sukulu lili ndi loko, makolo ataunjikana panja ndi ana ovala yunifolomu. Foni ya a Prosper inali yozima. Kutchalitchi anangoti mkuluyo wapita kukaona odwala kutsidya kwa malire, ndipo sanabwerenso.

A Msosa ananyamula mapepala awo onse a malipiro m'katoni ya nsapato, ulendo wa ku kampani ya penshoni. Mtsikana wa pakauntala anayang'ana pa kompyuta nthawi yaitali, kenako anawatchula kuti Rra, kutanthauza bambo m'chinenero cha kumeneko.

"Rra, dzina lanu lilipo. Koma ndalama inalowa miyezi isanu ndi itatu yoyambirira basi."

"Nanga mapepala onsewa?"

"Awa analemba ndi abwana anu, Rra. Ife sitinalandire kanthu."

Ku ofesi ya misonkho nkhani inali yomweyo. Bambo amene anawathandiza anawafunsa mwaulemu chifukwa chimene sanabwerere zaka zonsezi, poti fomu ya chaka chimodzi chokha ikanaulula kuti palibe chikufika. Mphunzitsi wa masamu uja anangonyamula katoni yake n'kutuluka. Chinawawawa kwambiri si kubedwa, koma kudziwa kuti wakubayo anamulondera okha, ndi ulemu wonse.

Chilolezo chawo chokhalira m'dzikomo chinali chomangika ku ntchito ija, ndipo pa msinkhu wawo wa zaka makumi asanu ndi mphambu zisanu ndi zitatu panalibe sukulu yowafuna. Atagula tikiti ya basi anaimbira akazi awo.

"Mukubwera liti, bambo?" anafunsa mayiwo. "Mmisiri akuti tigule malata msanga, mvula ikuwononga zipupa."

"Ndikubwera Lachisanu. Mmisiriyo muuzeni apeze ntchito kwina."

A Msosa anadula foni mayiwo asanafunse china. Akuluakulu sananame: fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo.