Maliro a Mpunga wa Nkhanu

Kalekale... Muzivomeratu inu, nanunso madala, musangonditong'olera maso ngati achule. Kalekale, ku dambo lina kunali Nkhanu ndi Mvuu.

Nkhanu ankalima mpunga. Mvuu ankalima m'mimba mwake basi. Nthawi yokolola ankabwera, di, di, di, n'kunena kuti, "Dambo lino ndi langa, ngala zonenepa ndi zanga." Ankameza zonse za pakati pa munda, n'kumusiyira Nkhanu timpunga ta m'mphepete, tofiira, tonyozeka, tokulira pouma, mphepo ikutimenya.

Nkhanu ankangoti zikomo. Paja mayi ake anamuuza kuti, "Mbewu usamasankhe ponona, uzisankha pomwe panavuta. Mpunga umasunga nzeru m'kati mwa njere, n'kupatsira ana ake." Ndiye ankadzala tomweto, chaka ndi chaka.

Tsono kunabwera chaka choipa. Mvula inadula. Nthaka gwa, ming'alu yoti mbuzi n'kugweramo osaonekanso. Kenako chisanu chinafika msanga, nsomba mpaka kupempha bulangete. Mpunga wa ena onse unapsa. Wa Nkhanu unapinda masamba ngati ndudu, n'kuleka kukula, n'kungoti phee, kusunga timadzi take.

Nkhanu ankadziwa kuti uli moyo, koma masiku a mpungawo anali owerengeka. Madzi anali kumtsinje, ndipo kukumba ngalande ndi timanja take, zidzukulu zikanamera ndevu asanamalize.

Mvuu uyo, di, di, di, mimba ikulira ngati chigayo.

"Mphwanga, ngala zanga zili kuti? Ngati kulibe, ndidya masamba omwewa."

Nkhanu anadzigwetsa chagada, miyendo yonse m'mwamba. "Mayo ine, achimwene, mwafika pa maliro. Mpunga watisiya. Mudye mtembo, anthu akutcheni mfiti?"

Mvuu anabwerera m'mbuyo. "Pepa mphwanga. Komatu... pa maliro pamakhala kanthu kotafuna?"

"Adzukulu okumba manda ndiwo amayamba kudya."

"Ine ndine mdzukulu kuyambira lero. Tikumbe pati?"

"Manda a mpunga ngaatali, achimwene. Amayambira kumtsinje, kudzathera m'munda muno."

Mvuu anayamba ntchito. Kamwa fuku, mimba khwee. Kamwa fuku, mimba khwee. Madzi nawo pambuyo pake, chuu, mpaka m'munda.

"Nanga madziwa akunditsatiranji?"

"Osambitsira malemu, achimwene."

"Chakudya chija?"

"Timadya tsiku lometa. Mubwere mkucha, mutameta bwinobwino."

Mvuu anakameta. Mwa dyera lakelo sanamete mutu wokha, anameta thupi lonse, psiti, kuti gawo lake likule.

Mkucha m'mawa Mvuu uyo, di, di, di, akunyezimira ngati dzungu. Anaponya maso kumunda. Mpunga uja watambasula masamba, wobiriwira, waima njo, ukugwedezeka ndi mphepo, waa, waa.

Nkhanu ananong'ona akunjenjemera mwadala. "Achimwene, malemu adzuka. Akufunsa kuti amene ankadya abale awo chaka ndi chaka ndani. Ine sindinatchule dzina, komatu taonani, onse akuweramira kwa inu."

Mphepo inawomba, waa. Mpunga wonse unaloza Mvuu.

Liwiro lake, ana inu, fumbi linakatsika patapita sabata. Mumtsinje phava! Mpaka lero Mvuu alibe ubweya, ndipo masana amangosuzumira ndi timaso, kuona ngati malemu apita.

Nkhanu anakolola. Asanalawe, anagwada pakati pa munda n'kuwomba m'manja. "Zikomo timbewu tofiira, munapirira ludzu ndi chisanu. Zikomo mayi. Zikomonso achimwene a Mvuu, chifukwa cha manda." Kenako anagawira dambo lonse mbewu, aliyense kadzanja kamodzi, ndipo njala sinabwererenso kumeneko.

Nthano yanga yathera pomwepa, phulani mbatata zija zisanapserere. Koma mawa posankha mbewu, musanyoze kofiira ka m'mphepete. Ndipo wina akakuitanani kokumba manda, muyambe mwafunsa kuti wamwalira ndani.