Khosi la Clifton

"Inu mayi Morag, musandinamize. Mukundibisa kuno kufamu chifukwa simufuna kuti anzanu aone munthu wakuda atakwera hatchi yanu."

Pempho analankhula mawuwa ali chiimire pakhomo la khola, fosholo ya manyowa ili m'manja. Mayi Morag, eni kafamu kaja ka kunja kwa Glasgow, anasiya kupesa hatchi n'kumuyang'ana. Anali mayi achikulire oyenda motsimphina, amene anasiya kukwera pahatchi atathyoka m'chiuno.

"Mwanawe, ndikanakhala wotero sindikanakupatsa kiyi wa geti," anatero mayiwo. "Clifton sanakhwime. Khosi lake likadali gwa. Mupatse chaka china."

"Chaka chatha munatero. Ana aja anayamba pambuyo panga, lero ali ndi mariboni opata pamipikisano kunyumba."

Pempho ankagwira ntchito yosamalira okalamba ku Dennistoun, dera la mumzinda wa Glasgow. Kufamuko anafikako koyamba poperekeza gogo wina amene ankafuna kumva fungo la mahatchi asanamwalire. Gogoyo anapita, Pempho anatsala. Anagwirizana ndi mayi Morag kuti iye azikolopa makola akaweruka shifiti ya m'mawa, iwo azimulola kukwera Clifton, hatchi yofiirira ya miyendo yoyera. Zina zonse anaziphunzira pafoni, ali m'basi, maso ali pa mavidiyo a dresaji. Umenewu ndi mpikisano umene hatchi siithamanga kapena kudumpha. Imayenda mwadongosolo ngati ikuvina, khosi litapindika ngati uta, ndipo woweruza amayang'ana ngati ikumvera wokwerayo mwa kufuna kwake.

Apa ndi pamene panali vuto. Clifton ankayenda mphuno ili m'mwamba ngati mbuzi yofuna masamba a kunsonga. Njira ya mayi Morag inali imodzi yokha: kuzungulira bwalo, kugwira zingwe mopepuka, hatchi ikatsitsa mutu pang'ono n'kuimasulira pomwepo kuti idziwe kuti yachita bwino. Zaka ziwiri za kuzungulira zinamutopetsa Pempho.

Koma tsikuli mawu ake analasa pamtima. Mayi Morag anaika chipeso pansi.

"Kalembetse. Mpikisano uli pa masabata asanu ndi limodzi. Koma ndikadzangoona hatchi yangayi ikuvutika, chishalo udzachiiwale."

Asanafike n'komwe pamalo okwerera basi, Pempho anali atalengeza kale za mpikisanowo pagulu la foni la kutchalitchi kwawo. Lamlungu, atatuluka m'mapemphero, amalume ake, a Fryson, mkulu wa mpingo yemwenso ndi dalaivala wa basi mumzindawu, anamukola pamzere wa tiyi.

"Ndiye hatchi yakoyo imavina chiyani, chitelera kapena manganje? Tibwere ndi ng'oma?"

"Amalume, musabwere ndi chilichonse. Kumeneko ngakhale kutsokomola amakuyang'ana."

Anawafotokozera za khosi lokanika lija. A Fryson anaseka mpaka tiyi kutayikira.

"Azungu amanyengerera chiweto ngati mpongozi. Ife ku Mchinji ng'ombe yamakani tinkaiveka goli n'kuimangirira pamtengo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Masiku atatu okha, khosi lagonja, ikukoka ngolo ngati inabadwira momwemo."

Onse anaseka. Pempho sanaseke.

Lachiwiri ndi Lachinayi masana mayi Morag ankapita kuchipatala kukawongoletsa chiuno. Lachiwiri lotsatira, galimoto yawo itangotuluka pageti, Pempho anadula chingwe chomangira mitolo ya udzu. Anachimanga ku chitsulo cha m'kamwa mwa Clifton, n'kuchikokera ku lamba wa chishalo, mbali zonse ziwiri, mpaka chibwano cha hatchi chinatsala pang'ono kugunda pachifuwa. Kenako anatseka chitseko cha khola n'kupita kukakolopa.

Clifton analimbana nacho. Anaponda pansi, anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda khoma, thukuta linachita kuyenderera m'mimba. Patatha ola limodzi anangoima zii, maso ali pansi. Pempho anamasula chingwe, anaona timabala m'mbali mwa milomo, anatitsuka ndi madzi a mchere. Mumtima anati, ng'ombe za ku Mchinji sizinafe nazo. Sabata yachiwiri anafika pa maola awiri.

Ndipo khosi linapindikadi. Akakwera, Clifton ankangoti kumva zingwe, mutu pansi. Mayi Morag anaima pampanda tsiku lina, nkhope itachita makwinya.

"Wagonja msanga bwanji? Komanso dzulo wandikanira karoti. Clifton sakana karoti."

"Wakhuta msipu. Kapena mwayambanso? Ndikalephera mumati sitinakhwime, ndikakhoza ndiye pali chinachake?"

Mayiwo anaopa kutchedwanso atsankho. Anatembenuka n'kupita kukatunga madzi a mahatchi.

Tsiku la mpikisano linali Loweruka la mvula yowaza. Anthu a kutchalitchi anabwera khumi ndi anayi, amayi atavala zitenje pamwamba pa majekete, n'kufola kumpanda pakati pa azungu a nsapato zamatope. A Fryson anawachenjeza kuti aliyense woimba nthungululu abwerera wapansi. Woweruza, monga mwa chizolowezi cha mipikisano ing'onoing'ono, anakhala m'galimoto yake kumapeto kwa bwalo la mchenga, mlembi ali pambali.

Pempho analowa atavala jekete lakuda ndi magolovesi oyera. Anaima pakati, anawerama, n'kuyamba. Clifton anayenda ngati madzi. Khosi uta, miyendo ikusinthana mwa kamvekedwe kake. Mayi wina wa kwaya ananong'ona kuti, "Koma mwanayu ndi wathu yemweyu?"

Ndiye inafika mbali imene wokwera amamasula zingwe kuti hatchi itambasule khosi iyende momasuka. Pempho anamasula. Clifton sanatambasule. Chibwano chinakhalabe pachifuwa ngati chingwe chija chikadalipo. Pempho anamugunda ndi zidendene, anagwedeza zingwe pang'ono kuti amukumbutse. Pamenepo hatchi inayasamula. Lilime linatuluka cham'mbali, ndipo thovu limene linagwa silinali loyera. Linadonthera pamwendo woyera uja, dontho, dontho, aliyense akuona.

Belu la woweruza linalira.

Woweruza anatuluka m'galimoto, anayenda pamchenga osathamanga, anapukuta pakamwa pa Clifton ndi kansalu koyera n'kukakweza pang'ono. Kanali kofiira.

"Pepani, mwatuluka mumpikisano. Tsikani. Hatchiyi muitengere kwa dokotala."

Pempho anatsika n'kuitulutsa hatchi m'bwalo. Kuseri kwa bwalo, dokotala wa ziweto anachotsa chitsulo chija n'kutsegula pakamwa pa hatchi. Anayang'ana, anaunika ndi tochi, anayang'ananso. Anthu anali atazungulira. Amene anali pafupi anabwerera m'mbuyo, wina atagwira pakamwa. M'mbali monse mwa milomo munali zilonda, zina zatsopano, zina zopola n'kuphulikanso. Palilime panali mzere wakuda wolowa m'kati.

"Izi si za lero," anatero dokotalayo. "Hatchi iyi yakhala ikumangidwa mutu kwa masabata. Amaiphunzitsa ndani?"

Maso onse anapita kwa mayi Morag, poti dzina lawo ndi limene linalembedwa pangolo yonyamulira hatchi. Mayi wina wa msinkhu wawo, amene anadziwana nawo kuyambira ali atsikana, anapukusa mutu.

"Morag, zaka makumi anayi uli ndi mahatchi. Iweyo?"

Bambo wina anakoka mwana wake wamkazi, amene ankaphunzira kukwera kwa mayi Morag, n'kumuuza kuti kufamu kuja sadzapondakonso. Dokotala anatulutsa foni, nati nkhaniyi ayenera kuipereka kwa oona za nkhanza kwa ziweto, ndipo mahatchi onse a pafamupo akayezedwa.

Mayi Morag anaika dzanja pakhosi la Clifton. Sanamuyang'ane Pempho ngakhale kamodzi.

"Hatchiyi ndi yanga," anatero motsitsa. "Ndinayenera kuyang'ana m'kamwa mwake. Lembani dzina langa."

Pempho anaima poteropo, chipewa chili m'manja. Chishalo chinali chitapita kale, zimenezo anazidziwa. Chimene chinatsala n'chakuti atsegule pakamwa, koma pakamwa panakana.

A Fryson anadzipanikiza pakati pa anthu mpaka kufika pamutu pa hatchi. Anasuzumira m'kamwa muja. Munthu amene anakulira pangolo sachita kuuzidwa chilonda cha chingwe. Anayang'ana hatchi, anayang'ana Pempho, ndipo nkhope yawo inagwa ngati ya munthu wolandira uthenga wa maliro. Anavula chipewa pamvula pomwepo.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ukaigogoda kuti ifulumire imabwerera m'chigoba, ndipo ukaswa chigobacho umatsala ndi nkhono yakufa m'manja, maso osawaona. Pempho anafuna khosi la chaka chamawa alione lero. Analiona kwa mphindi zitatu, ndipo mlandu wake unali kugwera mayi amene anamutsegulira geti.

A Fryson analankhula m'Chichewa, motsitsa, koma onse a kutchalitchi anamva.

"Za ng'ombe zija ndinanena ndine, ndipo zanga ndikayankha ndekha. Koma chingwe sindinamange ine, ndipo mayiwa sanamange. Dokotala wafunsa funso, Pempho. Dzina likulembedwalo si la wolakwa. Tayang'ana kuno. Anamanga hatchiyi ndani? Uwayankhe."