Manja Oposa a Zione

Zione atapeza malo kusukulu ya unamwino, ntchito yomwe ankailakalaka chimwalirireni mayi ake, anakatsanzika kwa abwana ake, a Chimbalanga, eni malo ophikira buledi pa Linthipe.

"Udzapita ukandipezera munthu wa manja oposa ako," anatero abwanawo. Ndiwo anamusunga chichitikireni maliro aja, ndiye kuchoka iwo asanamudalitse sikukanatheka.

Aliyense amene Zione ankabwera naye, a Chimbalanga ankangonunkhiza buledi wake n'kupukusa mutu.

Loweruka lina kunabwera akomiti ya ukwati kudzalawa keke. Alendowo atayamikira keke ya Zione, a Chimbalanga anatukula chifuwa monga mwa masiku onse.

"Kamtsikanaka ndinakaphunzitsa ndine. Kakadali kutali kuti kandipeze."

"Zoona, bambo?" anafunsa Zione atagwada. "Manja anu amaposa anga?"

"Kutalitali! Anthuwa ndi mboni."

Zione anavula epuloni, n'kuipinda bwinobwino, n'kuipereka ndi manja awiri.

"Ndiye munthu uja ndamupeza, bambo. Mwamuvomereza nokha."

A Chimbalanga, amene chibadwireni sanakandepo ufa, anayang'ana uvuni, kenaka anayang'ana alendo aja.

"Kekeyo tidzatenga Lachisanu," anatero wapampando wa komiti. "Poti muphika nokha, mitima yathu ili m'malo."