Chimondokwa cha a Norbert

Kwathu kuno ku Velna, m'chigawo cha Nebraska, chilimwe chikafika pachimake anthu amachita ngati amwa chinachake. Chimanga chikangotulutsa ndevu m'minda, tauni yonse imaiwala ntchito n'kuyamba kukonzekera Tsiku la Mondokwa: m'mawa perete mumsewu waukulu, masana kudya mondokwa wopaka batala kupaki mpaka lamba kuthina, madzulo gule. Ndipo palibe yemwe misala imeneyi inkamugwira kuposa a Norbert Kuchera, mkulu wa imvi mbuu, yemwe moyo wake wonse anagulitsa misomali ndi penti, kwinaku akuthamangira moto monga mmodzi wa ozimitsa moto athu ongodzipereka.

A Norbert anali munthu wabwino, apo tisawanamizire. Paipi yako ikaphulika ndi chisanu, ankafika usanamalize n'kuwaitana komwe. Koma anali ndi nthenda imodzi: sankalola munthu kumaliza mawu. Ukangoti, "A Norbert, mwamva kuti..." iwo ali kale, "Ndadziwa kale!" Abusa akamalengeza za msonkhano, kumbuyo kwa tchalitchi kunkamveka "ndadziwa kale." Dokotala yemwe anawachita opaleshoni ya bondo m'nyengo yachisanu yapitayo akuti anachita kudikira mankhwala ogonetsa agwire ntchito kuti nayenso apeze mpata wolankhula.

Chaka chimenecho misala ya mondokwa inakumana ndi ina yoposa, ya chikondi. A Norbert anali atafedwa mkazi kalekale, ndipo mtima wawo unali utagwera pa mayi Ardis Vondra, nawonso amasiye, omwe timabanzi tawo ta zipatso, tomwe kuno timati kolachi, tinkatha dzuwa lisanafike pamutu. Vuto linali limodzi. Mwana wa mayi Ardis ku Arizona ankawanyengerera kuti agulitse nyumba asamukire kumeneko, asiye kulimbana ndi chisanu paukalamba. A Norbert anaona kuti akachedwa apeza mbalame itauluka. Anayenera kufunsira chilimwe chomwecho.

Munthu wina akanangovala jekete, n'kupesa tsitsi, n'kukagogoda. Nyumba zawo zinali mumsewu umodzi, anthu inu! Koma a Norbert anati ayi, mkazi ngati Ardis safunsiridwa pakhonde ngati munthu akubwereka shuga. Iwo amanga chimondokwa chachikulu choimirira pangolo yotutira udzu, alowa m'kati atavala suti, ndipo perete akafika pa tenti ya kolachi ya mayi Ardis akoka chingwe, chitseko chitseguka, iwo atuluka mphete ili m'manja tauni yonse ikuona.

Chinthu chotere chinafunika malo obisika, ndiye anachilowetsa m'nyumba ya ozimitsa moto, poti makiyi anali nawo. Mmenemo muli magalimoto awiri, iliyonse ndi khomo lake. Kutsogolo kwa yachiwiri, yonyamula madzi ija, kunali mpata, ndipo ngolo anaiimika pomwepo. Mafupa a chimondokwa anali matabwa ndi waya wa khola la nkhuku, njere zake zigubu za mkaka zopaka penti wachikasu. Tauni yonse inamwa mkaka ngati ana a ng'ombe kuti a Norbert apeze zigubu. Aliyense ankadziwa zomwe zinkachitika, koma kwa nthawi yoyamba chikhazikitsire Velna, anthu anasunga chinsinsi. Mayi Ardis okha ndi omwe sanamve kanthu.

Mkulu wa ozimitsa moto anali Gwen, mwana wa mlongo wawo wa a Norbert. Tsiku lina analowa n'kuima manja m'chiuno.

"Amalume, mwatsekera galimoto yanga. Moto ukabuka titani?"

"Tikankha ngoloyi panja, basi. Ukuona ngati ilibe matayala?"

"Nanga chituluka chimenechi? Paja chitsekochi..."

"Ndadziwa kale! Khomo ili ndinalimanga ine ndi manja awa, iwe uli pa matewera."

"Tamverani kaye, amalume. Nthawi ija munali kuchipatala ndi bondo..."

"Ndadziwa kale, mwana wa mlongo wanga, ndadziwa kale! Tandipatsira chigubu icho."

Zomwe Gwen ankafuna kunena n'zakuti iwo ali gone m'chipatala, chitseko chakale chinachotsedwa n'kuikapo chamagetsi, chomwe zitsulo zake zinkalendewera m'munsi kuposa kale. Poona kuti apa akungotaya malovu, anatenga tepi n'kuyeza yekha. Chimondokwa chinkatuluka ndithu, koma mopanikizika. "Musawonjezepo ngakhale tsitsi limodzi," anatero akutuluka. A Norbert n'kuti akuimba mluzu, mutu uli m'kati mwa waya.

Lachitatu la sabata ya chikondwerero kunabwera mlendo yemwe sankamuyembekezera. A Norbert atasuzumira pazenera anaona mayi Ardis akuwoloka msewu. Mtima unati phaa! Anatuluka chothamanga, bondo kuiwalika, n'kutseka kachitseko ka m'mbali ndi msana wawo, penti wachikasu ali mpaka m'makutu.

"A Norbert, mukusowa masiku ano," anatero mayi Ardis, akupotokola chogwirira cha chikwama. "Ndimati ndikuoneni. Pali nkhani ya nyumba yanga ija..."

A Norbert anakumbukira denga la mayiwo lomwe linkadontha, lomwe analonjeza kukonza koma osapezeka. Anaganiza kuti mayiwo apeza mmisiri wina ndipo akuchita manyazi kunena.

"Ndadziwa kale, mayi, ndadziwa kale!"

"Mwadziwa?" Mayi Ardis anawayang'ana m'maso. "Ndiye inuyo mukuti bwanji?"

"Ndikuti chitani zomwezo! Musachedwe nazo n'komwe. Za ine musaganize, ine ndatanganidwa kwabasi." Ankalankhula akumwetulira mpaka mano onse pamtunda, maganizo onse ali pa perete wa Loweruka.

Mayi Ardis anangoti, "Oho. Chabwino," n'kutembenuka. A Norbert anabwerera m'kati akuvina, akudziyamikira kuti chinsinsi chapulumuka.

Lachisanu madzulo anaima patali n'kuchiyang'anitsitsa chimondokwa chawo. Chinali chokongola, koma kwa iwo chinaoneka chachifupi. Mondokwa wopanda ndevu ndi mondokwa wanji? Anakwera makwerero, n'kuwonjezera mzere wina wa zigubu, pamwamba pake n'kukhomera mtengo womangirira ndevu za zingwe. Kuyeza sanayeze. Khomo analimanga okha, ayezerenji?

Loweruka kunacha bwino, kumwamba kopanda ngakhale kamtambo, koma kamphepo kouma kakuwomba. Galimoto yoyamba ya ozimitsa moto inapita kukatsogolera perete monga mwa mwambo, ana atadzaza pamwamba akuponya masiwiti, kumbuyo kwake bandi ya kusekondale, akavalo ndi mathirakitala akale. Ngolo zokongoletsedwa zinkabwera kumapeto. A Norbert anavala suti, mphete m'thumba, n'kulowa m'chimondokwa. Mnzawo wakalekale Rudy, mlimi wogontha khutu limodzi, anakoleka ngolo ku thirakitala.

"Madala, mwakhala bwino mmenemo?" anafuula Rudy. "Koma ndikayang'ana pamwambapa ndikuona ngati..."

"Ndadziwa kale! Tiye, mkwatibwi akudikira!"

Rudy anaponda moto. Ngolo inayenda bwinobwino mpaka pakhomo, kenaka kunamveka khooo! Mutu wa chimondokwa unalowa m'zitsulo za chitseko n'kukanirira. Rudy, ndi khutu lake lija, anaganiza kuti tayala lakwera mwala, ndiye anawonjezera moto. Matabwa analira, chimondokwa chinapindika, zigubu zinayamba kugwa ngati matalala. Kutsogolo osapita, kumbuyo osabwerera. M'kati a Norbert anakoka chingwe chawo chija, koma chitseko cha chimondokwa chinali chitapanikizika. Anakoka ndi manja awiri, chingwe n'kuduka.

Anthu omwe anali pafupi anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Mkamwini wapsa asanaphikidwe!" anakuwa wina. "M'patseni batala mmenemo!" A Norbert ankalamula ali m'kati, mawu akumveka ngati a munthu ali mu mgolo: "Musachigwire! Palibe vuto! Ndikudziwa chochita!"

Nthawi yomweyo sailini ya tauni inalira, ndipo kuseka kunatha. Gwen anatulukira akuthamanga, wailesi yake ya m'manja ikulongolola. Kupaki mphepo inali itakankhira moto wophikira mondokwa pa mitolo ya udzu yomwe anthu amakhalira, ndipo moto unkalowera ku matenti. Galimoto yoyamba inali itapanikizika pakati pa perete, kutsogolo khamu la anthu, kumbuyo akavalo, pamwamba ana. Yachiwiri inali pomwepo, madzi ali tho, kuseri kwa chimondokwa.

"Amalume!" Gwen anamenya zigubu ndi chikhatho. "Tikudula chimenechi!"

"Iwe, usayerekeze! Chilimwe chonse ndathera pamenepa! Ndadzi..."

Wailesi inalankhulanso, ndipo ulendo uno a Norbert anamva mawu onse mpaka kumapeto: moto wagwira tenti ya kolachi.

M'chimondokwa munatuluka mawu omwe Velna sadzawaiwala: "Dulani! Dulani msanga! Mukandidula ndi ine ndemwe zilibe kanthu!"

Nkhwangwa zinagwira ntchito. Zigubu zachikasu zinauluka mpaka kutsidya kwa msewu, ndevu zinagwera pamutu pa Rudy, ndipo a Norbert anawasolola ngati mbozi m'phesi, suti itang'ambika paphewa. Ngolo anaikoka, galimoto inatuluka, iwo n'kukakamira kumbuyo kwake monga ankachitira ali mnyamata.

Anafika mochedwa. Anthu anali atayamba kale kuthira moto madzi ophikira mondokwa, ndipo galimoto inangomalizitsa. Mwamwayi palibe yemwe anavulala, koma tenti ya kolachi inali itasanduka mafupa akuda. Mayi Ardis anaima pambali, mwaye kumaso, nsidze imodzi itawauka, m'manja muli thireyi imodzi yokha yomwe anapulumutsa.

A Norbert anaona kuti chimondokwa chapita koma mphete ilipo. Anagwada pa bondo labwino lija, m'matope momwemo, anthu n'kupanga bwalo, ena akuimba kale m'manja.

"Mayi Ardis, ine ndimafuna kutuluka m'chimondokwa, koma zakanika. Ndiye ndingonena. Tiyeni tikhale limodzi. Mundilole."

Mayi Ardis anayang'ana mphete, anayang'ana suti, anayang'ananso anthu onse omwe ankamwetulira ngati odziwa kanthu. Anayamba kuseka, kuseka mpaka thireyi kugwedezeka, koma posakhalitsa kusekako kunasanduka misozi.

"Ha, a Norbert! Ndiye zimenezi n'zomwe munatanganidwa nazo? Lachitatu lija ndinabwera kudzakuuzani kuti wogula nyumba wapezeka ndipo akufuna yankho. Ndinati mumtima, bambo amenewa akangoti usapite, ndimukana munthuyo. Inu munati mwadziwa kale, ndichite zomwezo, ndisachedwe. Mukuseka! Ndinalira njira yonse. Dzulo nyumba ndagulitsa, ndipo mwana wanga wauza kale adzukulu kuti ndikubwera."

A Norbert anatsegula pakamwa. Mawu awo aja anafika pamilomo mwachizolowezi, koma anabwerera okha.

"Sindinadziwe," anatero motsitsa. Rudy akuti ngakhale khutu lake logontha linamva, poti mawu amenewo anali asanatulukepo m'kamwa mmenemo.

"Khomo langa mwakhala mukulidutsa tsiku ndi tsiku," anatero mayi Ardis, akuwapatsa kolachi mmodzi wopserera m'mbali. "Mukanangogogoda, bambo. Dzukani, bondolo litupa."

Madzulo gule anachitika ndithu, poti kuno gule salephereka. Awiriwo anavina nyimbo imodzi, ndipo omwe anali pafupi akuti mayi Ardis ankalankhula, a Norbert ali chete kumvetsera mpaka nyimbo kutha. Masamba atayamba kufiira, galimoto yonyamula katundu inaima pakhomo pa mayi Ardis, ndipo a Norbert ndi omwe ananyamula mabokosi olemera. Mphete ikadali m'kabati mwawo. Akuti akufuna kudzapita nayo ku Arizona, koma ulendo uno akayamba agogoda.

Makiyi a nyumba ya ozimitsa moto Gwen anawalanda tsiku lomwelo. Zitsulo za chitseko zinawongoledwa, koma chigubu chimodzi chachikasu chinakanirira pamwamba, ndipo ozimitsa moto anakana kuchichotsa. Wozimitsa moto watsopano akayamba kudula anzake mawu, amangomulozera chigubucho. Akuluakulu sananame: ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.