Kalipentala Wozula Zitseko

Mumzinda wina munali kalipentala amene anasiya kupanga zitseko n'kuyamba kuzizula. Sanali munthu woipa ayi. Kutchalitchi ankaimba besi, ndipo akatsegula kukamwa mabenchi a kumbuyo ankanjenjemera. Koma ntchito yake inali imeneyo.

Mumzindamo munali chizolowezi. Mwini nyumba akafuna kuti wa lendi atuluke, sankapita kukhoti, sankakangananso ndi munthu. Ankangoitana kalipentala. Kalipentala ankafika ndi hamala ndi tchizulo, go go go pa mahinjesi, chitseko n'kuchisenza pamutu, ulendo. Nyumba n'kutsala pululu. Mphepo inkalowa, nkhuku za aneba zinkalowa, galu ankalowa kudzanunkhiza mapoto, ndipo aliyense wodutsa mumsewu ankadziwa ndiwo zimene mwadyera. Palibe ankapirira. Munthu ankamanga yekha katundu wake, mwini nyumba n'kumauza anthu kuti, "Ine sindinathamangitse munthu. Wachoka yekha."

Lendi nayo inkakwera ngati nyani wothawa agalu. Ukapaka laimu khoma, yakwera, poti nyumba yakongola. Ukagula wailesi, yakwera, poti ndalama zilipo. Bambo wina anatupa tsaya chifukwa cha dzino, mwini nyumba anati wanenepa, lendi inakwera tsiku lomwelo.

Madandaulo atachuluka, akuluakulu a khonsolo ya mzindawo anakhazikitsa komiti yoti ikonze ndondomeko yoteteza anthu a lendi. Ndipo ndondomekoyo inali yabwino, tisaname. Inati lendi izikwera kamodzi pachaka, komanso mwa muyeso. Inati munthu aziuzidwa nthawi ikadalipo asanatulutsidwe. Inati chitseko cha munthu chisakhudzidwe popanda khoti. Anailengeza pa wailesi, amayi analuluta mpaka mawu kusasa.

Koma inali isanayambe kugwira ntchito. Inkayenera kukambidwanso. Komiti inabereka kakomiti, kakomiti kanabereka tiana take, ndipo tonseto tinkamwa tiyi wamkaka. Ukafunsa kuti lamulo liyamba liti, yankho linali limodzi: "Zili m'kati. Dikirani msonkhano ukubwerawu."

Tsono eni nyumba nawonso anali ndi mawailesi. Anati, "Ohoo, lamulo likubwera? Tiyeni tisese lisanafike." Anayamba kutulutsa alendi akale onse kuti alowetse atsopano pa mtengo watsopano. Kalipentala uja ntchito inamuchulukira moti hamala inkatentha, ankachita kuiviika m'ndowa. Kuseri kwa nyumba ya a Matewere, amene anali ndi midadada ya nyumba za lendi, mulu wa zitseko unatalika mpaka akhwangwala anamangapo zisa. Ena amati ndege zinkachita kuulambalala, koma zimenezo mukafunse oyendetsa ndege.

Mtima unkamugunda kalipentalayo, inde, makamaka akaona ana ataima pakhomo lopanda chitseko akumuyang'ana. Koma anali ndi mankhwala ake. Ankadziuza kuti, "Lamulo likubwera. Likangoyamba, ine ndisiya. Pano ndingodyako pang'ono."

Iyenso anali wa lendi, ndipo nyumba yake inali ya a Matewere omwewo. Khomo loyandikana nalo linali la mayi Nasimango, ogulitsa zitumbuwa pa siteji ya maminibasi. Amuna awo anafa ziwalo mbali imodzi, ndipo ankagona pamphasa moyang'anizana ndi khomo, poti chipinda chinali chomwecho chimodzi. Unali mwezi wa Juni, mphepo yake ija yolowa m'mafupa osaodira.

Tsiku lina a Matewere anamuitana kalipentala pambali.

"Amisiri, mawa mundichotsere cha mayi Nasimango."

"Alakwanji, bwana? Sanalipire?"

"Amalipira. Vuto lake n'lomwelo, amalipira yakale. Lamulo likandipeza ali momwemo, ndikhala nawo mpaka dziko lidzathe. Mukachotsa, yanu sindikweza chaka chino. Mukakana, kalipentala mumzinda muno si inu nokha, ndipo chanu chili ndi mahinjesi ngati cha wina aliyense."

Kutacha kalipentala ananyamula hamala ndi tchizulo. Ulendo unali waufupi, kungotuluka pakhomo n'kukhota. Mayi Nasimango anamuona zida zili m'manja. Sanalire, sanagwade, sanatukwane.

"Mwafika, achimwene? Tadikirani kaye ndiwafunditse alamu anu. Anthu odutsa asawaone chonchi."

Anatenga chitenje n'kuwafunditsa amuna awo mpaka m'khosi. Bamboyo anatembenuza maso, n'kulimbana ndi lilime lake mpaka mawu anatuluka: "Mwadzuka bwanji, amisiri?"

Kalipentala anayankha moni. Anaika tchizulo pa hinjesi ya m'mwamba. Anakweza hamala. Ndipo hamala ija, imene inazula zitseko zosawerengeka osafunsa funso, inaima m'malere. Anafufuza mankhwala ake aja mumtima, akuti lamulo likubwera, koma ulendo uno sanagwire ntchito. Lamulo likubwera, chabwino. Nanga mphepo ikubwera liti? Inali itafika kale, ikumuomba pakhosi.

Anaika tchizulo pansi. Anapisa m'thumba n'kutulutsa misomali ikuluikulu ya denga. Anakhoma pa hinjesi ya m'mwamba, anakhoma pa ya m'munsi, anaipinda kuseri kuti isazuke.

A Matewere anamva kugogoda n'kubwera akumwetulira. Kumwetulirako kunathera panjira.

"Mukutani, amisiri?"

"Ndikulimbitsa, bwana. Chimagwedera."

"Ine ndinati muzule!"

"Ndinamva. Sindizula. Lero ayi, mawa ayi, kaya mubwere ndi abusa."

Dzuwa lisanapendeke, chitseko cha kalipentala chinali pamwamba pa mulu uja, akhwangwala akuchiyendera. Anachizula kalipentala wina wa kutsidya kwa mtsinje. Ameneyo anayesanso cha mayi Nasimango, koma misomali yopinda ija inamukanira mpaka tchizulo chake chinabenthuka. Anachoka akulumbira kuti abwera mawa lake ndi chitsulo chokanulira, ndipo azula ndi felemu yomwe.

Mkazi wa kalipentala anapachika chiguduli pakhomo, mphepo n'kumachivinitsa.

"Abambo, chilungamo chanuchi n'chabwino, sindikukana," anatero. "Koma chikulowetsa mphepo."

"Pirira pang'ono, mayi. Ndikukawaona eni lamulo."

M'mawa mwake anavala ovolosi n'kupita ku khonsolo, poti anamva kuti komiti ikukumana. Cholinga chake chinali kukapempha mwaulemu. Koma pakhomo la chipinda cha msonkhano panali mlonda ndi chibonga.

"Muno simulowa munthu. Madandaulo mudzabwere nawo ndondomeko ikatha." Mlondayo anamuyang'anitsitsa. "Kodi si inu munandizulira changa mwezi watha?"

"Ndine, achimwene."

"Ndiye kuno mwadzatani?"

Kalipentala anayang'ana chitseko cha chipindacho. Chinali cha mlombwa, chopakidwa vanishi, cholemera ngati ng'ombe. Chinkatsegukira kunja, mahinjesi ake ali poyera.

"Ntchito yomweyo," anatero.

Mlonda anayang'ana chitseko, anayang'ana kalipentala, anayang'ananso chitseko.

"Ine ndikupita kuseri," anatero. "Ndimachedwako."

M'kati muja ankakambirana nkhani yaikulu, yoti chikuto cha ndondomeko chikhale chobiriwira kapena chachikasu. Anamva go go go, anaganiza kuti ndi okonza denga. Kenaka kunja kunalowa m'nyumba. Mphepo ya mu Juni inadutsa patebulo, mapepala anauluka ngati nkhunda, tsamba lina anakalitola kumsika atakulungiramo kale usipa. Tiyi anazizira m'makapu. Anthu amene anali pamzere panja, odikira ziphaso za malonda, anasendera pakhomo n'kumasuzumira, ndipo anaona bwana wina banzi lili m'kamwa theka, osadziwa kuti ameze kapena alavule.

Wapampando anaimirira akugwira mapepala ndi manja onse awiri. "Bambo inu! Mwapenga? Bwezerani chitsekocho msanga!"

Kalipentala anagoneka chitseko pansi n'kukhalapo, hamala ili pamwendo.

"Ndibwezera, bwana. Zili m'kati. Dikirani msonkhano ukubwerawu."

Anthu a pamzere anaseka mpaka ena kugwira khoma. Koma iye sanaseke.

"Mabwana, inu mwakhala chonchi kamphindi chabe, muli ndi majekete. Kwathu kuli bambo amene sangathe kudzifunditsa yekha, ndipo chitseko chake achizula lero. Munalengeza lamulo, alandilodi anamva, akusesa anthu lisanafike. Wosesayo ndinali ine, ndikudziwa. Ndondomeko yanu malizani chaka chilichonse chimene mungafune. Koma lero nenani chinthu chimodzi, kuti pamene mukukambirana, chitseko cha munthu chisazulidwe. Apo ayi ndikhala pompano, ndipo mukaika china ndizulanso."

Kenaka mayi wina wa mukomitimo, amene ankanjenjemera ndi mphepo chifukwa anakhala pafupi ndi khomo, anati, "A wapampando, za chikuto zingadikire. Izi tivomereze pompano, zala zanga zauma."

Anavomereza. Chimene chinawakanika miyezi yonse ija chinatheka tiyi wina asanawire. Galimoto ya khonsolo inazungulira mzinda ndi chimkuzamawu kulengeza kuti kuyambira tsikulo, wozula chitseko cha wa lendi popanda khoti amangidwa. Wa chitsulo chokanulira uja anamva ali panjira, anabwerera, n'kumauza anthu kuti amapita kukakumba mbewa.

Musaganize kuti kalipentala anamuveka nkhata ya maluwa. Chitseko cha khonsolo anabwezera, inde, koma apolisi anamutenga, poti kuzula chitseko cha boma ndi mlandu ngakhale uli ndi zifukwa zabwino. Anagona m'chitolokosi. Atatuluka anapeza kuti m'nyumba mwake mwalowa kale anthu ena, chifukwa chilengezo chija sichinabwerere m'mbuyo kukatola amene anali atazulidwa kale. Mkazi wake ndi ana ndi katundu anawapeza kwa mayi Nasimango, atapanikizana m'kachipinda kamodzi ndi wodwala uja, chitseko chili chitsekere.

Anapeza kanyumba kena kumapeto kwa mzinda, kumene minibasi imatembenukira. Tsiku losamuka, a Matewere anaima pakhonde manja ali m'thumba.

"Ndiye mwapindulanji, amisiri? Nyumba mwataya, makasitomala mwataya."

Kalipentala anasenza bedi pamutu. "Nyumba ndi yanu, bwana, tengani. Koma manja awa sali pa lendi."

Abale ndi alongo, mwaseka, ndipo kuseka si tchimo. Koma tsopano tamverani. Ambiri a ife tili ndi komiti mumtima. Ndondomeko yathu yolapa ndi yokongola kwabasi. Ndidzasiya zachinyengo ana akamaliza sukulu. Ndidzakana zoipa za abwana ndikapeza ntchito ina. Ndidzamuyankhulira mnzanga woponderezedwa zinthu zikakhala bwino. Tinalengeza kale, angelo analuluta, koma tsiku loyamba silifika. Ndipo woipayo saopa munthu amene adzalape. Amangofulumira kumugwiritsa ntchito nthawi isanakwane.

Mulungu sadzakufunsa kuti unkakonza zotani. Adzakufunsa kuti pamene anakutuma kukavula mnzako ulemu, dzanja lako linachita chiyani. Kukana kuli ndi mtengo wake, sindikunamizani. Ukhoza kutaya malo, ukhoza kutaya ntchito, ndipo palibe adzakuombere m'manja. Kana basi. Wakulemba ntchito angakulamule nthawi yofika ndi nthawi yoweruka, mwini nyumba angakuuze tsiku lotuluka, koma chikumbumtima chako anakupatsa ndi Mulungu, ndipo palibe munthu pansi pano amene ali ndi kiyi wake.

Pali chinthu chimene wina wakutuma kuti ukachite sabata ino, ndipo ukuchidziwa, n'chifukwa chake wayang'ana pansi. Usadikire kuti zinthu zisinthe kaye. Ukamuyang'ane m'maso Lolemba m'mawa, umupatse moni mwaulemu, ndipo umuuze kuti ayi.