Mpunga wa a Efren pabwalo la simenti

Kwathu ku San Isidro, mpunga ukangokololedwa, bwalo la simenti limasanduka mphasa ya mudzi wonse. Timayanika maso ali kumwamba, poti mvula ya kuno siodira. N'chifukwa chake amayi a midzi inayi tinatsegula gulu pa foni. Lamulo ndi limodzi: ikadontha kwanu, lembani. A kuphiri akalemba, ife a kuchigwa timakhala ndi mphindi makumi awiri zoolera mpunga.

A Efren analowetsedwa m'gulumo ndi akazi awo, Minda. Kunena zoona, sitilemba za mvula zokha. Mumabwera zithunzi za zidzukulu, mapemphero a m'mawa, ngakhale nkhuku yosowa. Foni ya a Efren inkalira ngati mwanapiye wotayika, ndipo tsiku lachitatu anaitseka pakamwa kuti isalirenso.

"Ndamera imvi ndikuwerenga mitambo," anatero. "Lero ndiphunzitsidwe mvula ndi mng'ono wako Perlita, uja amabisala pansi pa bedi kukagunda bingu?"

Minda, amene anali atachapa kuyambira mbandakucha, analibe malovu otaya. Anangowakumbutsa kuti Perlita amakhala kuphiri, kumene mvula imayambira.

Lachisanu Minda anaperekeza apongozi ake kuchipatala m'tauni. Dzuwa linatuluka loswa mtengo, ndipo a Efren anakhuthula matumba onse makumi awiri ndi asanu, chakudya cha chaka chonse ndi mbewu yomwe. Atasalaza, anakhala pansi pa mango n'kumaonera atambala akumenyana pa foni, mpaka chipewa chinagwera kumaso.

Cha m'ma thuu Perlita analemba kuti mvula yafika, ndipo yabwera ndi mkwiyo. Minda anauona uthengawo ali pa mzere wa mankhwala. Anaimbira amuna ake kanayi, koma foni yotsekedwa pakamwa siidzutsa munthu. Sanalire, sanatukwane. Analemba m'gulu: "Mpunga wathu wonse uli pabwalo. Mwini wake wagontha."

Mudawaona amayi akuthamanga? Wina anasiya nsomba pamoto, wina anatuluka thovu la sopo lili m'mutu. Mai Corazon, a mawondo otupa aja, anafika akukoka lona ngati mchira. Matsache, mafosholo, mabeseni, ngakhale chivindikiro cha mphika, zonse zinagwira ntchito. A Efren anadzidzimuka fumbi lili koboo.

"Pepani achimwene, takudzutsani," anatero Mai Corazon. "Pitirizani kuwerenga mitambo, ife tingoola."

Madontho oyamba anapeza matumba makumi awiri ndi awiri ali pansi pa lona. Atatu otsalawo madzi anawakokolera m'ngalande, abakha nachita phwando.

Minda atafika madzulo sanawatchule matumba atatuwo. Anaphika khofi wa amayi onse, nawathokoza mmodzimmodzi, mutu uli m'mwamba. Anthu atabalalika, a Efren anasendezera Minda foni patebulo.

"Minda, tabwezeretsa kulira kuja. Sindikupeza podina."

"Ndi zidzukulu za eni zomwe?"

"Ndi nkhuku yosowa yomwe."

Mpaka lero foni ya a Efren ndiyo imalira kuposa zonse m'mudzi muno, ndipo Perlita akabwera amamupatsa mpando wabwino. Phokoso limene ankalida ndilo lawadyetsa chaka chino. Paja wakutsina khutu ndi mnansi.